Kodi zitsamba zingateteze nyemba kwa anankafumbwe?

M'makomboni a Blantyre nyemba ndiyo ndiwo yodalirika. Ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri nyama ndi nsomba zimaoneka pakutha pa mwezi, koma nyemba, khobwe ndi nandolo wouma ndizo zimafikitsa banja pa tsiku la malipiro. N'chifukwa chake anthu ambiri amagula ndowa imodzi kapena ziwiri nthawi yokolola, mtengo usanakwere. Ena amalandira thumba kuchokera kumudzi. Amayi a geni nawo amapikula matumba a nanyati, phalombe ndi kayera ochokera ku Lizulu, ku Dedza, ku Phalombe ngakhalenso ku Mozambique, n'kuwasanja m'chipinda kudikira miyezi ya njala. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu thumba limayamba kufunda, pansi pake pamagwa ufa, ndipo njere zimakhala ndi timabowo tozungulira. Nyemba zafumbwa.

Mankhwala a m'sitolo alipo, koma ndi odula, ena ndi achinyengo, ndipo anthu ambiri amaopa kuwathira m'chakudya chosungidwa m'chipinda chomwe ana amagonamo. Apa m'pamene pamabwera nkhani ya zitsamba monga ombwe, nimu, bwazi, tsabola ndi fodya. Nkhaniyi ili ndi mafunso atatu amene anthu amakonda kuwaphatikiza. Kodi zomerazi zimaphadi anankafumbwe? Ngati zimapha, kodi mphamvu yake imakhala yofanana nthawi zonse? Nanga nyemba zothiridwa zomerazi n'zabwino kudya? Chomera chikhoza kupambana pa funso loyamba koma n'kugwa pa lachitatu.

## Timudziwe kaye mdaniyo

Dzina loti nankafumbwe timatchulira tizirombo tambiri, koma wa nyemba si amene amadya chimanga. Wa chimanga ali ndi kamlomo kotalika, pamene wa nyemba ndi wamfupi, wojintcha, wopanda kamlomoko. M'nyemba muli mitundu iwiri ikuluikulu. Wina, amene asayansi amamutcha Acanthoscelides obtectus, amapirira malo ozizira a kumapiri ndipo amayambira kumunda komwe, kuikira mazira m'makoko a nyemba zokhwima zisanazulidwe. Wina ndi Zabrotes subfasciatus, wokonda malo otentha, amene amaononga makamaka mosungira. Khobwe, nandolo, mphodza ndi nzama zimadyedwa ndi abale awo a gulu la Callosobruchus.

Chimene chimadya njere si kachirombo kamene timakaona kakuyenda pathumba, koma mphutsi yake. Wamkazi mmodzi amaikira mazira makumi angapo. Zabrotes ndi Callosobruchus amamata dzira pakhungu la njere, ndipo mphutsi ikaswa imaboola pansi pa dzira lomwelo n'kulowa m'kati osaonekera kunja. Acanthoscelides amangomwaza mazira pakati pa njere, ndipo kamphutsi kake kamayamba kayenda kufunafuna potsamira kuti kaboole. M'kati mwa njere mphutsi imadya, imakula, ndipo pakatha pafupifupi mwezi umodzi, nyengo ikakhala yotentha, imatuluka ili kachirombo kokhwima. Bowo lozungulira lija ndi khomo lotulukira. Likamaoneka ndiye kuti m'katimo mwadyedwa kale.

Zimenezi zikutiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, kutentha kumafulumizitsa kuswana, ndipo nyumba ya malata yopanda siling'i mu Okutobala ndi Novembala imawakomera kwambiri anankafumbwe. Chachiwiri, ufa uliwonse wothira kunja kwa njere, kaya wa zitsamba kaya wa m'sitolo, umakhudza mazira ndi tizirombo tokhwima, koma mphutsi imene yalowa kale m'kati suifikira. Munthu wa m'tauni ndiye ali pa mavuto aakulu apa, chifukwa amagula nyemba zimene sakudziwa kumene zagona. Zikhoza kuoneka zoyera pamsika wa Limbe zili ndi mphutsi m'kati. Woyang'anitsitsa amaona timazira toyera tomatirira pakhungu, kapena kadontho kotuwa kozungulira pamene kachirombo katsala pang'ono kutuluka.

## Kumene nzeruyi inachokera

Makolo ankasunga mbewu m'mitsuko yomata ndi dothi, m'zikwatu, kapena patsanja pamwamba pa moto kuti utsi uziipeza. Ankaisakaniza ndi phulusa, mchenga wosalala, kapena masamba owawa ndi onunkha. Ombwe, amene ena amati mthuthu ndipo kumpoto amati mtetezga, ankadziwika kalekale ngati chomera choledzeretsa nsomba m'madzi. Dzina lake la sayansi ndi Tephrosia vogelii.

Kunja nakonso ena mwa mankhwala oyamba ogulitsidwa ophera tizirombo ankachokera ku zomera: pyrethrum ya m'maluwa amene amalimidwa mpaka lero ku Kenya, ku Tanzania ndi ku Rwanda, rotenone ya m'mizu, ndi nikotini wa mu fodya. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, DDT ndi mankhwala ena a m'fakitale anafala, ndipo zomera zinayamba kuiwalika. Kuno kwathu dzina la Actellic linazika mizu mpaka anthu ena amatchulira choncho ufa uliwonse wothira m'thumba.

Ombwe anabwereranso m'minda kudzera khomo lina. M'zaka za m'ma 1990 bungwe la ICRAF, likugwira ntchito ku Makoka m'boma la Zomba, linkalimbikitsa alimi kudzala Tephrosia pofuna kubwezeretsa chonde m'nthaka. Kenaka ofufuza anayamba kufunsanso za mphamvu yake pa tizirombo. Mu 2011 John Kamanula wa ku Mzuzu University ndi anzake anasindikiza zimene anapeza atafunsa alimi a kumpoto kwa Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia. Alimi ambiri ankazidziwa zomera zophera tizirombo, ndipo ombwe ndiye ankatchulidwa koposa, koma ozigwiritsadi ntchito anali ochepa. Ku Malawi pafupifupi onse ankathira mankhwala a m'sitolo. Kudziwa kunalipo, chikhulupiriro n'chimene chinali chochepa, ndipo chimene chingakhale chifukwa chake chinadzaoneka chaka chotsatira.

## Ombwe: chomera chimodzi, mitundu iwiri

Masamba a ombwe ali ndi mankhwala a gulu la rotenone, ndipo ochuluka mwa iwo ndi deguelin. Mankhwalawa amatsekereza njira imene thupi la kachirombo limasandutsira chakudya ndi mpweya kukhala mphamvu. Kachirombo kamafooka, kamasiya kuyenda, n'kufa. Izi n'zotsimikizika.

Koma alimi ena ankadandaula kuti anathira ombwe ndipo nyemba zinafumbwabe. Zinali zosavuta kuwanena kuti anathira wochepa kapena sanasinje bwino. Mu 2012 gulu la ofufuza, mmene munali Philip Stevenson wa ku Royal Botanic Gardens, Kew, Steven Belmain wa ku Natural Resources Institute ku Britain, ndi Stephen Nyirenda wa ku nthambi ya boma yofufuza za ulimi ku Malawi, linaonetsa kuti alimiwo sankanama. Ombwe alipo wa mitundu iwiri. Wina ali ndi mankhwala a rotenone aja, wina alibiretu. Atatola zomera m'malo 13 a m'Malawi kumene alimi amalima ombwe, anapeza kuti pafupifupi chomera chimodzi mwa zinayi zilizonse chinali cha mtundu wopanda mphamvuwo. Atayesa pa nankafumbwe wa khobwe, mtundu woyamba unapha, wachiwiri sunathandize. Anapezanso kuti mbewu ina imene inkagawidwa m'dzina la Tephrosia candida inali ombwe wopanda mphamvu yemweyu.

Ili ndi phunziro lalikulu pa nkhani yonse ya zitsamba, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti silinafike mokwanira kwa anthu wamba. Masamba a mitundu iwiriyi amaoneka chimodzimodzi. Munthu wogula ufa wobiriwira pamsika sangadziwe ndi maso kuti wagula uti. Ngakhale pa mtundu wamphamvuwo, kuchuluka kwa mankhwala kumasintha malinga ndi nyengo yothyolera masamba ndi kaumitsidwe kake. Dzuwa limaononga rotenone, choncho masamba oyanikidwa padzuwa amatha mphamvu. Ayenera kuumira pamthunzi, kusungidwa mu mdima, ndi kusinjidwa bwinobwino pa nthawi yothira. Njira yapafupi yodziwira ngati ufa uli ndi mphamvu ndiyo kuika anankafumbwe amoyo m'mabotolo awiri a nyemba, lina lothira ufawo lina losathira, n'kuyerekeza pakatha masiku angapo.

## Nimu, bwazi ndi mafuta ophikira

Nimu ndi mtengo wochokera ku India ndi maiko oyandikana nawo. Mu 1959 wasayansi wa ku Germany, Heinrich Schmutterer, anaona ku Sudan kuti dzombe linadya zomera zina zonse koma nimu linamusiya. Mu 1968 mankhwala ake aakulu, azadirachtin, anapatulidwa ku Britain. Sapha msanga. Amaletsa kachirombo kudya, amachepetsa kuikira mazira, ndipo amasokoneza kufundula kwa mphutsi kuti isakule. Mankhwalawa achuluka m'njere, m'masamba ndi ochepa. Kuponya masamba athunthu angapo m'thumba la makilogalamu 50, monga ambiri amachitira, sikuteteza kwenikweni. Mafuta a njere za nimu, mamililita 2 kapena 3 pa kilogalamu ya nyemba, ndiwo aonetsa mphamvu yodalirika, ngakhale amasiya kuwawa ngati nyemba sizitsukidwa bwino. Njere za nimu zosauma bwino zimachita chuku, ndipo zoterozo zisayandikire chakudya.

Anthu a mu Blantyre asamale pa chinthu chimodzi. Nimu amakonda malo otentha monga Chikwawa, Nsanje ndi Mangochi. Kumtunda kuno mtengo wofala wofanana naye ndi indya, dzina la sayansi Melia azedarach, ndipo ambiri amautchula kuti nimu. Maluwa a nimu ndi oyera ndipo zipatso zake n'zotalikirako. Maluwa a indya ndi ofiirira motuwa, zipatso zake n'zobulungira ndipo zimakhalitsa mumtengo masamba atayoyoka. Zipatso za indya ndi poizoni kwa anthu ndi ziweto.

Bwazi, dzina la sayansi Securidaca longepedunculata, mphamvu yake ili m'khungwa la mizu. Muli mankhwala onunkhira ngati mafuta otikitira minofu, otchedwa methyl salicylate, amene amathamangitsa ndi kupha tizirombo m'chotengera chotseka, komanso mankhwala ena ochita thovu amene amakhalitsa fungo likatha. Vuto lake ndi lakuti kukumba mizu kumapha mtengo, mtengowo umavuta kuudzala, ndipo mizu yake ndi yoopsa kwa munthu akaidya. Kulimbikitsa mzinda wa anthu oposa 800,000, monga kalembera wa 2018 anawerengera Blantyre, kuti uzigula mizu ya bwazi kungakhale kumaliza mitengo yotsala m'mapiri.

Chodabwitsa n'chakuti chinthu chochokera ku zomera chimene chili ndi umboni wolimba kwambiri chimagulitsidwa paokala iliyonse: mafuta ophikira. Mu 1978 ofufuza a bungwe la CIAT ku Colombia ndi a IITA ku Nigeria anaonetsa kuti mafuta pang'ono, pafupifupi mamililita 5 pa kilogalamu, omwe ndi supuni imodzi yaing'ono ya tiyi, amateteza nyemba ndi khobwe kwa miyezi ingapo. Dzira lomatidwa pa njere limapuma kudzera pa kabowo kakang'ono. Mafuta amatseka kabowoko, amalepheretsanso dzira kumatirira, ndipo kamphutsi kongoswa kumene kamafa. Mafutawo ayenera kutikitidwa kufikira njere iliyonse itanyezimira. Pa ndowa imodzi ya pakhomo njirayi ndi yabwino. Pa thumba la makilogalamu 50 pafunika kota ya lita, fumbi limamatirira, mafuta akakhalitsa amayamba fungo, ndipo ogula pamsika amazikayikira nyemba zonyezimira. Mafuta ochuluka amachepetsanso kamereredwe ka mbewu.

Tsabola, mpungabwi, masamba a bulugamu, deliya ndi makoko a malalanje zimathamangitsa tizirombo kwa kanthawi, koma zotsatira za kafukufuku n'zosiyanasiyana ndipo fungo likatha chitetezo chimathanso. Phulusa si poizoni. Limatseka mipata pakati pa njere kuti tizirombo tisayende ndi kukwerana, ndipo limakanda khungu lawo mpaka kuuma. N'chifukwa chake lifunika lambiri: ku Cameroon ofufuza anapeza kuti pafunika miyeso itatu ya phulusa pa miyeso inayi ya khobwe. Mbaula ya makala ya m'tauni siingatulutse phulusa lokwanira thumba.

## Pamene akatswiri amasiyana maganizo

Olimbikitsa zitsamba amati n'zotsika mtengo, mlimi akhoza kulima yekha, sizikhalitsa m'nthaka kapena m'madzi, ndipo sizifuna ndalama zakunja. Amaonjeza kuti mankhwala a m'sitolo nawo salonjeza zonse: mavenda ena amagulitsa otha nthawi kapena osakaniza ndi ufa wamba, ndipo tizirombo tina timayamba kuwapirira akagwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza.

Okayikira amafunsa za umboni. Kafukufuku wambiri amachitikira m'timabotolo, ndi njere zochepa, kwa masabata ochepa, pamene mayi wa geni akufuna thumba lake lifike Febuluwale. Mu 2014 Murray Isman wa ku University of British Columbia ku Canada ndi mnzake Michael Grieneisen anaunika zolembedwa zambirimbiri za mankhwala a zomera, ndipo anapeza kuti zochuluka sizinapime mankhwala enieni amene anali m'chomera choyesedwacho, ndiponso sizinayerekeze ndi mankhwala odziwika kale. Nkhani ya ombwe ikusonyeza kuopsa kwa zimenezi: ofufuza awiri akhoza kuyesa chomera cha dzina limodzi n'kupeza zotsutsana, onse akunena zoona. Palinso nkhani ya muyeso. Ufa wa zitsamba umafunika gawo limodzi mpaka magawo 5 pa magawo 100 a mbewu, kutanthauza theka la kilogalamu mpaka makilogalamu awiri ndi theka pa thumba limodzi, pamene ufa wa m'sitolo umangofunika magalamu makumi ochepa. Kuthyola, kuumitsa ndi kusinja masamba ochuluka choncho ndi ntchito yaikulu, ndipo wokhala m'nyumba ya lendi ku Ndirande alibe podzala.

Gulu lachitatu limati mkanganowu wapitirira, chifukwa pali njira yosafuna mankhwala a mtundu uliwonse: kutsekera mpweya. Matumba a PICS anayambika pa ntchito ya Larry Murdock wa ku Purdue University ku America ndi ofufuza a ku Cameroon kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo anayambira pa khobwe. Ali ndi mapulasitiki awiri olimba m'kati ndi thumba wamba kunja. Akamangidwa bwino, tizirombo timamaliza tokha mpweya wa m'katimo, timasiya kudya, n'kufa ndi kuuma. Njirayi imafikira ngakhale mphutsi ya m'kati mwa njere, chimene ufa wa zitsamba sungachite. Chofooka chake ndi mtengo wogulira, makoswe, kubooka, ndi kutsekula pafupipafupi kumene kumalowetsanso mpweya. Pa thumba lathunthu losungidwa miyezi yambiri, umboni ukukomera gulu limeneli.

## Chachilengedwe sichitanthauza chosapweteka

Mawu oti "n'zachilengedwe, sizipweteka" ndi olakwika, ndipo akhoza kuvulaza anthu. Rotenone ndi poizoni weniweni. Mu 2000 ofufuza a ku America anaonetsa kuti makoswe opatsidwa rotenone kwa nthawi yaitali amayamba zizindikiro za matenda a Parkinson, amene amanjenjemeretsa ndi kuumitsa thupi, ndipo mu 2011 kafukufuku wina pakati pa alimi a kumeneko anapeza matendawa ochuluka mwa amene ankagwiritsa ntchito mankhwalawa. Maiko a European Union anachotsa rotenone pa mankhwala ololedwa m'minda mu 2008. Nikotini wa mu fodya amalowa m'thupi ngakhale kudzera pakhungu. Lantana, chitsamba chimene chadzaza m'mbali mwa misewu ndi m'mapiri a Blantyre, chimaononga chiwindi cha ng'ombe.

Chimene chikadali pa mkangano ndi kuchuluka kwa mankhwala otsalira pa nyemba zikapetedwa, kutsukidwa ndi kuwiritsidwa maola angapo. Olimbikitsa ombwe amati m'masamba muli mankhwala ochepa kwambiri poyerekeza ndi rotenone wa m'fakitale, ndipo amatha okha pakapita nthawi. Osamala amayankha kuti mankhwalawa sasungunuka bwino m'madzi, choncho kutsuka sikungawachotse onse, ndipo wosinja ndi wopeta amapuma fumbi lake. Pamene nkhani ili chonchi, nzeru yake n'kulekanitsa mbewu yodzala ndi ya ndiwo. Ombwe, fodya ndi bwazi zithiridwe m'mbewu yodzala yokha, ilembedwe chizindikiro, ndipo ikhale kutali ndi ana. Wosinja atseke mphuno ndi pakamwa ndi nsalu, ndipo zotsalira zisatayidwe mumtsinje monga Mudi kapena Nasolo, kapena pafupi ndi dziwe la nsomba.

Tinenenso mosabisa kuti choopsa chachikulu m'nyumba za m'makomboni si zitsamba. Ndi mapiritsi otulutsa mpweya wa phosphine amene ena amagula mwamseri n'kuika m'matumba m'nyumba yogonamo. Mpweya umenewu umapha munthu, ndipo mapiritsiwo anapangidwira akatswiri ogwira ntchito m'nyumba zazikulu zosungira katundu.

## Zimene banja ndi wa geni angachite

Popeza zitsamba zimateteza koma sizichiza, ntchito yoyamba ndi kupha zimene zabwera ndi nyemba. Zipetedwe, zisankhidwe, zobooka zichotsedwe n'kuphikidwa msanga. Kenaka ziyanikidwe mopyapyala padzuwa la masana. Zikayalidwa pa pulasitiki wakuda n'kuphimbidwa ndi wina woonekera m'kati, kutentha kumafika madigiri 60, ndipo pa maola awiri mazira, mphutsi ndi tizirombo zonse zimafa. Mbewu yodzala isapitirire nthawi imeneyi. Kuuma kwake kuyesedwe poika njere m'botolo louma la galasi pamodzi ndi mchere wouma: mchere ukamatirira m'mbali, nyembazo zikadali ndi chinyezi. Nyemba zosungidwa zachinyezi pamalo otentha zimachita chuku, ndipo zimauma mtima n'kumatha makala ambiri pophika.

Zikazizira zilowe m'chotengera chotseka. Chigubu choyera cha mafuta ophikira cha malita 20, chouma ndi chodzazidwa mpaka pakamwa, chimagwira ntchito yofanana ndi thumba la PICS. Chimene munali petulo kapena mankhwala chisagwiritsidwe ntchito. Ndi bwino kugawa: zodya mwezi uno zikhale padera, zothiridwa mafuta ophikira, ndipo zotsalazo zisatsekulidwe. Palinso njira ina yaulere. Kamphutsi ka Acanthoscelides kamafuna pafupifupi tsiku lathunthu kali potsamira pamodzi kuti kaboole khungu la nyemba. Kafukufuku wa mu 1991 ku Michigan State University anaonetsa kuti kugubuduza chotengera chosadzaza m'mawa ndi madzulo kumachotsa kamphutsiko pamalo pake mobwerezabwereza mpaka kufa ndi njala. Njirayi siithandiza kwenikweni pa khobwe ndi nandolo, popeza mphutsi zake zimalowa molunjika kuchokera m'dzira.

Nyemba zogula pamsika zikhoza kukhala zitathiridwa kale mankhwala, choncho wogula afunse, ndipo asaonjezere ena pamwamba. Wogulitsa nayenso ali ndi udindo wonena chimene wathira. Lamulo la mankhwala ophera tizirombo la mu 2000 linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, lomwe likulu lake lili ku Bvumbwe, pafupi ndi Blantyre, kuti lizilembetsa ndi kuyang'anira mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno. Ufa wa zitsamba wogulitsidwa m'timapepala topanda dzina, muyeso kapena tsiku umadutsa kunja kwa dongosolo limeneli. Ngati zomerazi zidzalowe m'malonda a m'tauni, pafunika mbewu ya ombwe yopimidwa kuti ndi ya mtundu wamphamvu, mafuta a nimu ofinyidwa mwaukhondo ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumene mitengoyo yachuluka, ndi chizindikiro cha m'Chichewa pa paketi chonena muyeso wake ndi ngati n'zothira m'mbewu yodzala kapena m'chakudya.